Mphamvu Ziwiri pa Bolodi la Bambo

M'nyumba ya bambo ake a Mzime munalibe podyera. Tebulo linalipo, koma linadzaza mapepala, ndipo khoma lonse la chipinda chodyera linaphimbidwa ndi bolodi lalikulu limene sukulu inawapatsa popuma ntchito. Bambowa anaphunzitsa fizikisi ku sekondale mpaka imvi zinayera mbuu. Akazi awo atamwalira anasiya kupita kocheza, anasiya ngakhale kumvera mpira, n'kutola choko. Kuyambira pamenepo anthu a m'nyumbamo ankadya mbale ili pamiyendo, fumbi la choko likugwera m'tiyi.

Tsopano maso awo anali kutha. Adokotala ananena mosabisa kuti mankhwala odonthezera angochedwetsa mdima koma sangaubweze. Choncho Mzime, mwana wawo womaliza, yemwe anatsala yekha pakhomo pamodzi ndi azakhali ake, ndiye ankalemba pabolodi, bambowo akunena ali pampando.

Lamlungu limenelo kunali kubwera Magalasi.

Dzinali anam'patsa ndi Mzime yemweyo. Anakumana pamzere kuchipatala cha maso, iye akudikira mankhwala a bambo ake, mnyamatayo akusinthitsa magalasi ake okhuthala ngati pansi pa botolo. Anacheza, anapatsana manambala, ndipo mvula isanathe anali atagwirizana zodzakwatirana. Chinthu chimodzi chokha Mzime anachibisa pakhomo kwa nthawi yaitali: Magalasi ankaphunzitsa fizikisi ku koleji.

"Wa fizikisi?" anafunsa bambowo mlendo atangokhala pansi. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana. "Ndiye iwe Mzime unkandibisira chiyani? Aphunzitsi anzanga, sendezani mpando kuno. Tiyi adikire."

Pakona panali patakhala kale mlendo wina amene Mzime sanamuitane. Anali muulutsi wa pa wailesi ya m'tauniyo, mwana wa mnzawo wa azakhali, ndipo aliyense ankangomutchula kuti Wailesi. Anam'funsira Mzime kawiri konse, n'kukanidwa kawiri konse, koma sanasiye kubwera. Ankabwera ndi buledi, n'kukhala maola akumvetsera za pabolodi uku akugwedeza mutu.

Bambowo anakweza choko m'mwamba n'kuchisiya. Chinagwa n'kuduka pakati.

"Imeneyo ndi yoyamba," anatero. "Mphamvu yokoka. Ndi yomwe yagwetsa chokochi, ndi yomwenso imagwira mwezi kuti usathawe. Ndiye pali ina, ya m'kati mwenimweni mwa atomu, yomwe imamanga phata lake kuti lisamwazike. Mabuku amati ziwirizi si pachibale. Amati yoyambayo ndi yofooka koma imafika kutali, yachiwiriyo ndi yoopsa koma sipitirira pakhomo pake. Ine ndikuti ndi imodzi. Mukaipanikiza yofooka ija pamalo aang'ono kwambiri, imakula n'kusanduka yoopsa ija. Masamu ake ndi awa."

Analoza bolodi limene iwo eni sankaliona bwino.

Magalasi anaimirira n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere, manja ali kumbuyo. Sanagwedeze mutu. Mzime ankamuyang'ana m'khosi, akudikira kuti anene kanthu.

"Ine ndimati bambowa akanabadwira kwina, bwenzi dzina lawo lili m'mabuku," anatero Wailesi ndi mawu ake osalala aja. "Kapena aphunzitsi mukuona bwanji?"

"Ndiyambe ndawerenga zonse," anayankha Magalasi.

"Yankho la munthu wa sukulu limenelo," anatero bambowo mokondwa. Anapapasa patebulo, n'kukweza mulu wa mapepala omangidwa ndi chingwe. "Tengani. Mukatha mudzandiuze zoona zokhazokha."

Azakhali anaika kapu ya tiyi pafupi ndi Wailesi, inayo anaisiya kutali, pomwe Magalasi anachita kunyamuka kuti akaitenge.

* * *

Sabata imeneyo mauthenga a Magalasi anafupika. M'mawa ankangolemba kuti, "Wadzuka bwanji?" Mzime akafunsa za mapepala, yankho linali lakuti, "Ndikadali pakati." Lachinayi analemba kuti, "Tikumane pa tiyi paja ukaweruka."

M'kanyumba kogulitsira tiyi anakhala patebulo la kumapeto, pafupi ndi zenera losweka lomwe eni ake analimata ndi katoni. Kunja kunali kamvula kowaza. Magalasi anavula magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ndipo Mzime anadziwa kuti nkhani si yabwino.

"Nena," anatero.

"Bambo ako ndi munthu wanzeru, Mzime. Funso lawo ndi lalikulu. Akatswiri akhala akulifunsa, ena anayesa njira yofanana ndi yawoyi, ndipo mpaka lero palibe amene wazilumikiza mphamvu ziwirizi mokhutiritsa anthu."

"Koma?"

"Koma yankho lawo si loona."

Mzime anayang'ana m'kapu mwake. "Waona chiyani chimene iwo sanachione zaka zonsezi?"

"Mphamvu yokoka ija sisankha. Imakoka mwala, nthenga, iwe, ine, chilichonse. Koma ya m'phata la atomu imasankha. M'atomu momwemo muli tizinthu tina totchedwa maelekitironi. Ngakhale utawaponya m'kati mwa phata, mphamvu imeneyo siiwakhudza n'komwe. Zikanakhala kuti ndi imodzi, ikanawagwira. Bambo sanalembepo chilichonse za zimenezi. Komanso chapakati paja anaika nambala imene anaitenga ku yankho lenilenilo, kenako n'kusangalala kuti yankho latuluka. Zili ngati kuika kiyi m'thumba mwako n'kudzadabwa kuti waipeza."

"Usawaseke."

"Sindikuwaseka. Ndakhala ndikufunafuna njira yoti ndikhale wolakwa ndine. Sindinaipeze."

Patebulo lina anthu ankakangana za mpira.

"Ukawauze kuti zili bwino," anatero Mzime motsitsa mawu.

"Mzime."

"Ndimvere kaye. Iwe sunawaone mayi atangomwalira. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osayankhula, osameta. Tinkachita kuwanyengerera kuti asambe. Bolodi lija ndi limene linawadzutsa. Pano maso akupita. Chaka chamawa mwina sadzaona ngakhale nkhope yanga. Ukawalanda zimenezi atsala ndi chiyani?"

"Anandipempha zoona zokhazokha. Unalipo."

"Aliyense amatero. Palibe amene amazifunadi."

"Ine ntchito yanga ndi imeneyi. Tsiku lililonse ndimauza ana a eni ake kuti apa mwalakwitsa."

"Ana amenewo ali ndi moyo wonse woti akonzere. Bambo anga alibe." Misozi inayamba kutsika ndipo sanaipukute. "Ukudziwa kuti azakhali sakukufuna? Ukudziwa kuti tsiku lililonse amandiimbira nyimbo ya Wailesi? Munthu mmodzi yekha amene angativomereze m'nyumba muja ndi bambo. Ukakawaswa mtima, ine ndi iwe zathera pomwepo. Sindikukuopseza. Ndikungokuuza mmene zilili."

Magalasi anavalanso magalasi ake. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Sindinena kuti n'zoona," anatero pomaliza. "Koma ndiyesetsa kuti ndisanene kuti n'zabodza."

* * *

Loweruka m'mawa azakhali anam'peza Mzime akutsuka mbale kukhitchini. Anatseka chitseko n'kutsamira.

"Wamaso anayi uja abweranso mawa?"

"Abwera, azakhali."

"Mwana wa achimwene anga, ine sindidana ndi munthu popanda chifukwa. Koma ndinamuona mmene ankayang'anira bolodi lija. Ngati munthu amene wapeza ntchentche mu mkaka. Anthu ophunzira kwambiri aja mtima wawo umakhala wozizira. Lero akuyeza bambo ako, mawa adzayeza iwe."

"Simukumudziwa."

"Wailesi ndikumudziwa kuyambira akukwawa. Amalemekeza bambo ako. Wakhala akubwera pano osatopa, iwe ukumuonetsa msana. Mwamuna wopirira chonchi sapezeka pamsika."

"Amamva chiyani pa zimene bambo amanena? Tsiku lina anafunsa ngati atomu imaoneka ndi maso kukakhala mwezi."

"Nanga ukwati ndi mayeso?" anatero azakhali. Anatenga kapu imene Mzime anali atatsuka kale n'kuibwezera m'madzi. "Iyi sinayere."

* * *

Lamlungu bambowo anavala tayi. Anakhala pampando wawo kuyambira m'mawa, akufunsa nthawi pafupipafupi. Wailesi anafika msanga, n'kukhala pakona pake paja, foni ili pabondo.

Kenako Magalasi analowa.

"Mwawerenga?" anafunsa bambowo.

"Ndawerenga, bambo. Mpaka tsamba lomaliza."

"Ndiye?"

Magalasi anayang'ana Mzime, yemwe anaima pakhomo la kukhitchini atafinya kansalu kopukutira mbale m'manja.

"Ndi ntchito yaikulu," anatero. "Funso limene mwafunsa ndi limene likusowetsa tulo akatswiri. Muli malo ena ofunika kuwaonanso bwino, koma…"

"Malo ena, inde, amenewo sangalephere," anadula bambowo. "Koma maziko ake? Mutu wa nkhani?"

"Aphunzitsi, tithandizeni ife osaphunzira," anatero Wailesi mofatsa. "Funso ndi lapafupi. Bambowa alondola kapena alakwitsa?"

Mzime anaona thukuta likutsika m'mbali mwa khutu la Magalasi.

"Sindinapeze choti ndingawatsutse nacho," anatero Magalasi, mawu ake ali pansi.

Bambowo anakhala osasuntha. Kenako anaphimba nkhope ndi manja awiri, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Mzime anali asanawaonepo akulira chimwalirireni mayi ake.

"Anthu ankati ndapenga," anatero atapezanso mawu. "Anzanga amene ndinaphunzitsa nawo ankawoloka msewu akandiona ndi mapepala. Mwana wanga, bwera pafupi." Anapapasa mpaka anagwira dzanja la Magalasi. "Mapepalawo khala nawo, ukawaonetse anzako ku koleji. Ndipo za iwe ndi Mzime ndazimva. Uwauze abale ako abwere tidzadziwane. Ine ndilibe mawu ena."

Azakhali anatuluka. Mzime anayembekezera kuti mtima wake udumpha ndi chimwemwe, koma unangolemera ngati wameza mwala. Magalasi sanamuyang'anenso mpaka pamene ankatsanzika.

Atamuperekeza n'kubwerera, anapeza Wailesi atatsamira pageti.

"Zabwino zonse, Mzime."

"Zikomo, achimwene."

"Achimwene," anabwereza akuseka pang'ono. "Ukudziwa, ntchito yanga ine ndi kumvera mawu a anthu. Munthu akamanama, mawu ake amatsikira kukhosi. Fizikisi sindiidziwa, koma zimenezo ndimazidziwa."

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Palibe. Ndangosangalala kuti bambo avomerezedwa ndi katswiri. Nkhani yotere si yoti ithere m'nyumba. Ndawapempha kuti Loweruka masana adzakhale mlendo wanga pa wailesi, ndipo avomera."

"Musachite zimenezo."

"Bwanji? Si zoona kodi?"

Wailesi anamugwira paphewa mwaulemu n'kumapita akuimba kamluzu.

* * *

Chilengezo chinayamba kumveka Lachiwiri. Chinkati mphunzitsi wopuma wapeza chimene chinakanika akatswiri a dziko lonse, ndipo katswiri wa fizikisi wa ku koleji watsimikiza. Chinkatchula dzina la Magalasi ndi la koleji yake. Bambowo ankakweza wailesi nthawi iliyonse chikamveka.

Uthenga wa Magalasi unafika masana.

"Wamva?"

"Ndamva. Pepa."

"Anzanga akundiseka m'makonde. Wina wandijambulira atomu pachitseko. Akuluakulu andiitana."

"Akuti chiyani?"

"Akuti dzina la koleji si langa loti ndizibwereketsa kwa apongozi."

"Pirira mpaka Loweruka. Zikatha anthu aiwala."

Mzime ankaona pafoni kuti Magalasi akulemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Uwaletse bambo asapite."

"Ndayesa. Atulutsa kale suti. Akufunsa ngati udzakhale pambali pawo."

"Sindingathe."

"Ndiwauze chiyani?"

"Uwauze kuti ndili ndi kalasi."

"Loweruka?"

Uthenga umenewo Magalasi anauwerenga koma sanayankhe. Lachitatu foni yake inangoitana. Lachinayi inali yozima. Mzime ankatulutsa yake m'thumba pafupipafupi mpaka azakhali anafunsa ngati mwalowa njoka.

* * *

Situdiyo inali kachipinda kakang'ono kopanda zenera, makoma ake omatidwa ndi siponji yotuwa. Mzime anawatsogolera bambo ake mpaka pampando, n'kuwaveka zomvera m'makutu. Suti yawo inali itawakulira m'mapewa. Iye anapatsidwa kampando kumbuyo kwawo.

Nyali yofiira itayaka, Wailesi anawalandira ndi mawu okoma, ndipo bambowo anayamba. Mzime anali ataiwala kuti bambo ake ankadziwa kuphunzitsa chonchi. Anafotokoza za choko chakugwa, za mwezi, za phata la atomu lomwe ndi laling'ono moti atomu itakhala bwalo la mpira, ilo lingakhale ngati kanjere pakati pa bwalolo. Mawu awo anali amphamvu, a munthu wa zaka zapakati. Ngakhale mnyamata wa makina kuseri kwa galasi anasiya kuseweretsa foni.

Kenako anatsegula mafoni. Woyamba anali bambo wina amene iwo anam'phunzitsa kalekale, anangofuna kuthokoza. Wachiwiri anafunsa ngati zimenezi zingatsitse mtengo wa magetsi, ndipo bambowo anaseka. Mzime anayamba kupuma bwino.

"Tili ndi wina pa foni," anatero Wailesi. "Takulandirani, mayi."

"Zikomo." Anali mawu a mkazi, odekha, osathamanga. "Ndimaphunzitsa fizikisi ku koleji imene yatchulidwayo. Bambo, ndakumverani mwaulemu, ndipo mapepala anu ndili nawo pano. Ndili ndi funso limodzi. Mphamvu yokoka imakoka chilichonse. Ngati mphamvu ya m'phata la atomu ili yomweyo, bwanji siikhudza maelekitironi?"

Bambowo anaweramira kutsogolo. "Maelekitironi," anatero. "Inde. Amenewo… amenewo ndi opepuka kwambiri, ndiye…"

"Nthenga ndi yopepuka, bambo, koma imagwa."

Bambowo anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Dzanja lawo linayenda patebulo ngati likufuna choko. Mzime anayang'ana Wailesi, akumupempha ndi maso kuti aike nyimbo, anene chilichonse. Wailesi ankangoyang'ana pepala lake. Anasiya chete uja atalike, tauni yonse ikumvetsera nkhalamba ikupuma.

"Koma mnzanu wa ku koleji komweko anawerenga zonse," anatero Wailesi pomaliza. "Anati sanapeze chotsutsa."

"Mnzangayo anaona vutoli tsiku loyamba," anayankha mayiyo. "Anaonanso nambala ya chapakati imene inatengedwa ku yankho. Anangochita chisoni. Ndaimba kuti anthu adziwe kuti iye sanatsimikize chilichonse, ndipo koleji sinatsimikize chilichonse. Pepani, bambo. Funso lanu ndi labwino, koma yankho silinapezeke."

Foni inaduka. Bambowo anavula zomvera m'makutu pang'onopang'ono n'kuziika patebulo.

"Mayiyo akunena zoona," anatero, osadziwa ngati akadali pa wailesi kapena ayi. "Mzime, tiye kunyumba."

* * *

Atafika kunyumba bambowo anakana kukhala pansi. Anaima patsogolo pa bolodi, akadali mu suti, azakhali ataima pakhomo manja ali pamutu.

"Funso lija," anatero, "mwana wa chaka choyamba ku koleji akhoza kulifunsa. Ine ndinalidutsa chifukwa sindinkafuna kuliona. Koma mnyamata wako uja sakanalidutsa. Unkadziwa?"

"Bambo, ndine ndinamupempha," anatero Mzime. "Iye ankafuna kukuuzani. Ndinalira, ndinamuuza kuti akanena zoona ine ndi iye zatha. Mlandu ndi wanga."

Bambowo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Iwe ndiwe mwana wanga. Unachita mantha, ndipo mantha ako ndikuwamvetsa. Koma iye ndi mphunzitsi. Ndinamugwira dzanja, ndinamupempha zoona. Akanandiuza m'chipinda muno, ndikanalira m'chipinda muno. Wandisiya ndikavulidwe pamaso pa tauni yonse." Anapuma. "Mphunzitsi amene amachonga cholakwa chifukwa mtsikana walira, tsiku lina adzakunamiza iweyo chifukwa wina walira. Asapondenso pano."

"Bambo, chonde."

"Ndipatse kansalu konyowa."

"Achimwene, khalani pansi kaye," anatero azakhali.

"Kansalu."

Mzime anakabweretsa. Bambowo anapapasa m'mphepete mwa bolodi mpaka anapeza ngodya ya kumwamba, n'kuyamba kufufuta. Ankafufuta mwadongosolo, kuchokera kumanzere kupita kumanja, ngati mmene ankachitira belu likalira. Madzi oyera ankatsikira m'mikono ya suti. Pena ankadumpha malo osadziwa, n'kusiya timanambala tili patokha.

Foni ya azakhali inalira. Anali Wailesi. Anaiyang'ana n'kuyankha motsitsa mawu, koma Mzime anamva. "Eya, mwanawe, afika bwino. Ayi, si mlandu wako. Ubwere mawa udzawapepese, amakukonda."

Mzime anatenga chikwama chake n'kutuluka.

* * *

Magalasi ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Dzuwa linali litapendeka pamene Mzime anafika. M'njira yonse ankakonza mawu: pena okalipa, chifukwa chomuzimitsira foni ndi kupereka mapepala a bambo ake kwa mlendo, pena opepesa, chifukwa ndi iye anamukankhira m'dzenjemo. Pofika pakhomo sankadziwa kuti ayamba ndi ati.

Anagogoda. Chitseko chinatsegulidwa ndi mkazi wamtali, wometa tsitsi lalifupi, wopanda nsapato. Anavala juzi yobiriwira imene Mzime anam'gulira Magalasi nyengo yozizira itayamba. Kumbuyo kwake, patebulo, panali mapepala a bambo ake, chingwe chitamasulidwa, ndi makapu awiri.

"Ndinu Mzime," anatero mkaziyo.

Mawuwo Mzime anawazindikira nthawi yomweyo. Anali omwe aja a pa wailesi.

"Ali kuti?"

"Wathamangira kwanu pulogalamu itatha. Mwasemphana panjira. Sanadziwe kuti ndiimba foni, ndipo wandikalipira kwambiri, ngati zimenezo zingakutonthozeni."

"Mwawachititsa manyazi bambo anga."

"Ndawayankhula ngati munthu wa fizikisi mnzanga. Ndi ulemu umene inu nonse munawamana." Sanakweze mawu. "Mukudziwa zimene akuluakulu anamuuza Lachitatu? Anati pofika Lolemba akhale atakana poyera kuti anatsimikiza za mapepalawa, apo ayi asiye ntchito. Iye anati sangakane, chifukwa analonjeza inu. Anali wokonzeka kutaya zonse zimene anavutikira. Ndiye ndakana ine m'malo mwake."

Mzime anagwira felemu la chitseko. "Inu ndinu ndani kwa iye?"

Mkaziyo anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yake inasintha, ngati wamva chisoni.

"Sanakuuzeni. Ndinaganiza." Anakokera manja a juzi ija m'mwamba. "Tinaphunzira limodzi, ndipo tinali pa chibwenzi zaka zonse za ku koleji. Ndinapita kunja kukapitiriza maphunziro. Tinasiya kulemberana, koma palibe amene anauza mnzake kuti zatha. Mayi ake mpaka lero amanditchula kuti mpongozi. Ndabwerako mwezi watha."

Mwezi watha. Mzime anakumbukira mauthenga aja akufupika, foni yongoitana, foni yozima. Iye ankaganiza kuti chimene chinkamulemera mnyamatayo ndi mapepala okha.

M'thumba mwake foni inanjenjemera. Anali Magalasi: "Ndili pageti panu. Azakhali akukana kunditsegulira. Uli kuti?"

Mkaziyo anaona dzina pafoniyo. Anasuntha pakhomo, n'kutsegula chitseko chonse.

"Muuzeni kuti muli kuno," anatero. "Lowani mukhale pansi. Akabwera atiuze tonse awiri pamodzi."